Glenn Gould: katswiri wa piyano amene adasiya nsanja n'kusankha situdiyo

Pa 10 Epulo 1964, anthu amene adasonkhana m'holo ya Wilshire Ebell mumzinda wa Los Angeles ku America sadadziwe kuti akuona Glenn Gould akuimba piyano pagulu komaliza. Apo n'kuti ali ndi zaka 31 zokha, dzina lake lili pakamwa pa aliyense wokonda nyimbo zamakedzana za ku Ulaya, zimene zimatchedwa classical. Adakhala ndi moyo zaka zina 18, koma sadakwerenso pansanja. Luso lake lonse adalipititsa ku situdiyo ndi ku wailesi, pokhulupirira kuti tsogolo la nyimbo lili m'zojambulidwa.

Gould adabadwa pa 25 Seputembala 1932 mumzinda wa Toronto ku Canada. Bambo ake ankachita malonda a zikopa zaubweya, ndipo mayi ake ndiwo adayamba kumuphunzitsa piyano ali wamng'ono. Pambuyo pake adaphunzira kusukulu ya zoimbaimba ya mumzindawo pansi pa Alberto Guerrero, mphunzitsi wochokera ku Chile.

Mwayi wake udatseguka mu Januwale 1955 pamene adakaimba ku Washington ndi ku New York. Kampani ya Columbia Records idasaina naye mgwirizano mosazengereza. Pa chimbale chake choyamba, mnyamatayu adasankha Goldberg Variations, nyimbo ya Johann Sebastian Bach imene idasindikizidwa m'chaka cha 1741. Nyimboyi imayamba ndi kachigawo kofatsa, kenaka pamabwera zigawo 30 zomangidwa pa maziko a kachigawoko, ndipo pomaliza kachigawo koyamba kaja kamabwereranso. Ambiri ankaiona ngati nyimbo youma, yoyenera akadaulo okha. Gould adaijambula mu Juni 1955, mwaliwiro ndi mosangalala, m'mphindi zosakwana 40. Chimbalecho chitatuluka mu 1956 chidayenda malonda modabwitsa, ndipo chaka chotsatira adakaimba ku Moscow ndi ku Leningrad, udani wa mayiko a azungu ndi Soviet Union uli pachimake.

Khalidwe lake lidatchuka ngati luso lake lomwe. Ankakhala pa kampando kakafupi kamene bambo ake adamukonzera, nkhope ili pafupi ndi zala. Poimba ankang'ung'udza, moti mawu ake amamveka chapansipansi m'zimbale zambiri. Ngakhale kunja kutenthe, ankavala chijasi ndi magolovesi poopa kudwala.

Nanga chidamuchotsa pansanja n'chiyani? Gould ankaona kuti holo yodzaza anthu imakakamiza woimba kudzionetsera, ndi kukokomeza nyimbo kuti ifike kwa wokhala kumbuyo kwenikweni. Pagulu palibe kubwereza: chala chikaphonya, chaphonya basi. Mu situdiyo ankatha kuimba chigawo chimodzi kangapo, n'kumvetsera mofatsa, kenaka kudula tepi ndi kulumikiza zidutswa zimene zamukhutiritsa. M'nkhani imene adalemba m'magazini ya High Fidelity mu 1966, adaulula yekha kuti nyimbo ina ya Bach adaipanga polumikiza majambulidwe awiri osiyana kaimbidwe, ndipo chotsatira chake chidaposa onse awiriwo.

Apa mpamene padagona mkangano. Otsutsa ankati ichi n'chinyengo, chifukwa womvera akupatsidwa nyimbo imene sidaimbidwepo chotero kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Gould ankafanizira ntchitoyi ndi kupanga filimu, imene palibe amayembekezera kuti ijambulidwe yonse ulendo umodzi. Kwa iye, chofunika chidali chimene chikufika m'khutu la munthu amene ali phee m'nyumba mwake.

Maganizo omwewa adapita nawo ku wailesi ya CBC. Mu 1965 adakwera sitima yapamtunda kupita ku Churchill, tauni yozizira kwambiri ya kumpoto kwa Manitoba, ndipo ulendowu udabala pulogalamu ya The Idea of North imene idaulutsidwa mu 1967. M'pulogalamuyi anthu asanu amafotokoza za moyo wa kumpoto, koma mawu awo adawaluka kuti nthawi zina azimveka pamodzi, monga momwe Bach amayendetsera mawu angapo m'nyimbo imodzi. Padatsatira The Latecomers mu 1969, yonena za anthu a ku Newfoundland, ndi The Quiet in the Land mu 1977, yonena za Akhristu a mpingo wa Mennonite. Zonse zitatu zimazungulira pa kukhala kwaokha. Amene amamvera ma podcast okonzedwa mwaluso masiku ano angazindikire msanga ntchito yotereyi, ngakhale kuti Gould adaichita ndi lezala ndi tepi, osati kompyuta.

Mu 1981 adabwerera mu situdiyo yomwe ija ya ku New York kukajambulanso Goldberg Variations. Ulendo uno adaimba modekha, ndipo nyimboyo idatenga mphindi 51. Chimbalecho chidatuluka mu Seputembala 1982. Patangotha masiku awiri atakwanitsa zaka 50, Gould adadwala sitiroko, ndipo adamwalira pa 4 Okutobala. Sadakwatirepo, ndipo chuma chake adachisiyira bungwe la Salvation Army ndi bungwe losamalira ziweto la ku Toronto. Pamwala wa manda ake ku Mount Pleasant padazokotedwa chiyambi cha kachigawo kofatsa kaja.

Nyimbo ina ya Bach imene iye adaimba ili pa chimbale chagolide chimene chidapita mumlengalenga ndi zombo za Voyager mu 1977. Pansi pano, mu 2017 kampani ya Sony idatulutsa majambulidwe onse a mu Juni 1955, kuphatikizapo amene iye adawakana. Choncho womvera wa lero, ali yekha ndi foni yake, angathe kumva Gould akuyesa, akuima ndi kuyambiranso, n'kudziweruzira yekha ngati kulumikiza tepi kudali chinyengo kapena mbali ya luso.