Zhou Dunyi: Munthu Amene Anafotokoza Chiyambi cha Zonse pa Tsamba Limodzi

Anzathu a m'kalabu, pa tsamba la mbiri mwezi uno tikupita nanu ku China, zaka pafupifupi 1,000 zapitazo. Munaionapo mbendera ya South Korea, ija ili ndi mkombero wofiira ndi wabuluu pakati? Mkomberowo ukuimira ganizo lakale la ku China lotchedwa Taiji, ndipo mmodzi mwa anthu amene analifotokoza bwino ndi Zhou Dunyi.

Zhou anabadwa mu 1017 ku Daozhou, dera limene lero lili m'chigawo cha Hunan, mu nthawi ya mafumu a Song. Bambo ake anamwalira iye akadali mnyamata, ndiye anakakulira kwa amalume ake, a Zheng Xiang, ku likulu la Kaifeng. Masiku amenewo njira yotchuka yopezera udindo inali mayeso a boma, koma iye ntchito anaipeza kudzera mwa amalume akewo. Kwa zaka pafupifupi 30 anali kusamutsidwa uku ndi uku m'maofesi a kumadera, kutali ndi nyumba ya mfumu.

Ali ku Nan'an kunachitika nkhani imene anthu amaikumbukabe. Mkulu wina waukali, Wang Kui, ankafuna kuti mkaidi wina aphedwe, chonsecho mlandu wake mwalamulo sunali wa imfa. Aliyense anangoti zii, kuopa bwana. Zhou yekha anatsutsa, ndipo ataona kuti sakumveka anakonzeka kusiya ntchito m'malo mopha munthu pofuna kusangalatsa mkulu wake. Wang Kui anabwerera m'mbuyo, mkaidiyo n'kupulumuka. Komweko, cha mu 1046, anaphunzitsako anyamata awiri apachibale, Cheng Hao ndi Cheng Yi, amene anadzakhala akatswiri a maganizo a Confucius.

Nanga za chiyambi cha zonse ankati bwanji? Anazilemba m'kankhani kotchedwa Taijitu shuo, ka zilembo za Chitchaina pafupifupi 250 basi, kofotokoza chithunzi cha mikombero yotsatizana. Pamwamba penipeni pali Wuji, chopanda malire ndi maonekedwe, chimene chilinso Taiji, gwero la zonse. Taiji ikayenda imabala yang, mbali ya kuwala ndi kutentha. Kuyendako kukafika pachimake kumabwera bata, ndipo batalo limabala yin, mbali ya mdima ndi kuzizira. Bata likafikanso pachimake, kuyenda kumayambiranso. Ziwirizi si adani ayi, chilichonse ndi muzu wa chinzake, ngati usana ndi usiku.

Yin ndi yang zikasakanizana mumatuluka zinthu zisanu: madzi, moto, mtengo, chitsulo ndi dothi. Izi zimayendetsa nyengo zinayi za chaka, kenako pamakhala chachimuna ndi chachikazi, ndipo zamoyo zonse zimabalana mosalekeza. Taonani kuti apa palibe woumba amene waima kunja. Dziko likuchita kuphuka kuchokera m'gwero limodzi. Mawu akuti Taiji, yin ndi yang sanawayambitse iye. Analipo zaka zoposa 1,000 iye asanabadwe, m'ndemanga za buku lakale la Yijing. Ntchito yake inali kuwalumikiza kukhala mzere umodzi womveka.

Komatu kankhaniko sikathera kumwamba, kamathera pa munthu. Zhou ankaphunzitsa kuti munthu analandira gawo labwino koposa la zonsezi, n'chifukwa chake amatha kuganiza ndi kusiyanitsa chabwino ndi choipa. Ndiye udindo wake ndi chifundo, chilungamo ndi mtima wabata wosatengeka ndi zilakolako. Mwaona kugwirizana kwake ndi nkhani ya mkaidi ija? Amati sankalola n'komwe kuti udzu wa pawindo pake utchetchedwe, poti ankaona kuti moyo wa udzuwo ndi wofanana ndi wake.

Anamwalira mu 1073 m'munsi mwa phiri la Lu, pafupi ndi kamtsinje kamene anakatcha Lianxi, dzina la mtsinje wa kwawo. Ali moyo sanatchuke kwenikweni. Patapita zaka pafupifupi 100, Zhu Xi anakweza zolemba zake n'kuziika pa maziko a maphunziro amene anadzafalikira ku China, Korea ndi Japan.

Pa msonkhano wathu wotsatira tidzakambirane izi: kodi zimene mumakhulupirira za chiyambi cha dziko zimaoneka m'mene mumachitira ndi anzanu? Lembani maganizo anu m'munsimu, ndipo amene mumatha kujambula, yesani kujambula mikombero ya Zhou mudzabwere nayo.