James Croll: wosamalira nyumba ku Glasgow amene anamasulira za madzi oundana a kumpoto

M'chaka cha 1859, sukulu ya ukachenjede ya Andersonian mumzinda wa Glasgow, ku Scotland, inalemba ntchito munthu woti azisamalira nyumba yake yosungiramo zinthu zakale. Pasukuluyi, yomwe lero ndi University of Strathclyde, ndi pomwe David Livingstone anayamba maphunziro a udokotala mu 1836. Wantchito watsopanoyo anali James Croll, wa zaka 38. Malipiro anali ochepa, koma laibulale inali yotsegula kwa iye.

Croll anabadwa pa 2 January 1821 m'dera la Perthshire, m'banja losauka la mmisiri womanga ndi miyala. Sukulu anailekeza ali ndi zaka 13. Anayesa ntchito yokonza zigayo, ukalipentala, malonda a tiyi, kuyendetsa hotela yosagulitsa mowa ndiponso kugulitsa inshuwalansi, koma matenda ndi umphawi sizinamulole kukhazikika.

M'laibulale ija anadziphunzitsa za zakuthambo ndi za miyala. Mu 1864 anasindikiza nkhani m'magazini ya Philosophical Magazine yofotokoza chifukwa chimene, kalekale, madzi oundana ankachoka kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi n'kukuta mbali yaikulu ya Ulaya. Iye anati njira imene dziko limadutsa pozungulira dzuwa imasintha pang'onopang'ono m'zaka zikwizikwi. Kusinthako pakokha n'kochepa, koma chipale chofewa chikachuluka, kuyera kwake kumabweza kuwala kwa dzuwa, kuzizira kumakula, ndipo chipalecho chimawonjezekanso.

Charles Darwin ndi Charles Lyell anayamba kulemberana naye makalata. Mu 1867 anapatsidwa ntchito ku Geological Survey of Scotland mumzinda wa Edinburgh. Buku lake lalikulu, Climate and Time, linatuluka mu 1875, ndipo chaka chotsatira bungwe la Royal Society linamulandira kukhala membala. Anamwalira ku Perth pa 15 December 1890, maganizo ake atayamba kukayikiridwa. Zina anaphonyadi: iye ankati gwero ndi nyengo yachisanu yoopsa, pamene katswiri wa ku Serbia, Milutin Milanković, anadzaonetsa kuti chofunika ndi chilimwe chozizira chimene chimalephera kusungunula chipale. Mu 1976, matope a pansi pa nyanja anatsimikiza phata la ganizo lawo.

Lero gudumu limene Croll anafotokoza likuzungulira chobwerera. Utsi wa malasha ndi mafuta ukutenthetsa dziko. Madzi oundana a ku Arctic akasungunuka, nyanja yakuda imene yavundukuka imamwa kutentha, ndipo kusungunuka kumafulumira. Derali likutentha mofulumira kuposa dziko lonse.

Pamene madzi oundana achoka, patseguka njira za sitima zapamadzi ndi migodi, ndipo mayiko amphamvu akuponya maso kumeneko. Bungwe la Arctic Council, lomwe mayiko asanu ndi atatu anakhazikitsa mu 1996, linagwedezeka mu 2022 pamene asanu ndi awiri anaimitsa kugwira ntchito ndi Russia chifukwa cha nkhondo ya ku Ukraine.

Mu 2021, patatha zaka 200 chibadwire Croll, Glasgow inalandira msonkhano wa zanyengo wa COP26. Mwa atsogoleri amene analankhula kumeneko munali Lazarus Chakwera wa Malawi, dziko limene alimi ake amadalira mvula yomwe nyengo yake yayamba kusokonekera.