Mzungu amene anapeza nzeru m'gule wa Kalela

Tsiku lina ndili mu minibasi yochoka ku Limbe kupita m'tauni, kondakitala anafunsa mnyamata wina kuti kwawo n'kuti. Atamva kuti ndi wakumudzi, anamusiya osalipira. Ine mpaka ndalama ya chenji anandivuta nayo. Pomwepo ndinakumbuka a J. Clyde Mitchell, omwe ndinayamba kuwawerenga ku yunivesite ndisanasiye sukulu panjira.

A Mitchell anabadwa m'chaka cha 1918 ku Pietermaritzburg, m'dziko la South Africa. Nkhondo yachiwiri itatha analowa ntchito ya kafukufuku ku Rhodes-Livingstone Institute, ndipo kuyambira 1946 mpaka 1949 ankafufuza moyo wa Ayao kuno kummwera. M'buku lawo la The Yao Village, lomwe linatuluka mu 1956, anaonetsa kuti mudzi umagawikana amuna akayamba kulimbirana mbumba ndi udindo, ndipo kunenezana ufiti kumabuka nthawi ngati imeneyo.

Kenaka anapita kumigodi ya ku Luanshya, ku Zambia. Kumeneko anaona anyamata a mtundu wa Abisa akuvina Kalela, gule wachibale ndi Beni wathu uja. Anyamatawa ankatchena zovala zachizungu, koma nyimbo zawo zinali zotama mtundu wawo ndi kuseka mitundu ina. Azungu ambiri ankati munthu wakuda wabwera ndi umbuli wakumudzi m'tauni. A Mitchell anakana. Iwo anati m'tauni mtundu umagwira ntchito yatsopano: munthu akazunguliridwa ndi alendo okhaokha, amafuna njira yachidule yodziwira woti amukhulupirire. Anaonanso kuti Angoni ndi Abemba, omwe kale ankamenyana, kumigodi anasanduka anthu ochitirana nthabwala, nathandizana pamaliro.

Mu 1969, ali ku Manchester, anasonkhanitsa buku lofotokoza m'mene maubale ndi kudziwana zimayendetsera moyo wam'tauni. Anamwalira ku Oxford mu 1995.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Inu amalonda a mumsika wa Limbe, katundu wa pangongole mumapatsa ndani? Inu ophunzira, nyumba ya lendi ku Ndirande kapena ku Zingwangwa anakupezerani ndani? Kudziwana kumeneku n'kumene kumatisunga, sindikutsutsa ayi. Koma vuto ndi ili: amene alibe wakumudzi pamalo abwino amatsala, ngakhale mapepala ali nawo. Ndipo andale anachizindikira kalekale. Pa chisankho cha 1994 chigawo chilichonse chinakhamukira kwa munthu wake.

Akuluakulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Phunziro la mlendo uyu ndi loti tsankho lam'tauni sitibadwa nalo, timalipanga tokha pofuna ntchito, nyumba ndi chitetezo. Ngati Angoni ndi Abemba anasandutsa udani kukhala chibale, ife tingalephere bwanji? Mawa wina akabwera pa benchi panu kudzapempha ganyu, yambani mwamufunsa zomwe amatha, osati kwawo.