Alick Nkhata: Mau Amene Anafika Kumene Ng'oma Sinafike

Msewu waukulu umene umapita m'mbali mwa komboni ya Kalingalinga mu Lusaka uli ndi dzina la Alick Nkhata. Pa msewu womwewo ndi pamene pali nyumba ya wailesi ya dziko lino. Acinyamata ambiri amene amakwera minibasi pamenepo sadziwa kuti mwini dzinali anali woyimba, amene mau ace anamveka m'midzi yambiri imene iye mwini sanapondemo.

A Nkhata anabadwira ku Kasama m'caka ca 1922. Pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse anatumizidwa ku Burma pamodzi ndi asilikali ena a kuno. Atabwerako anagwira nchito ndi Hugh Tracey, mzungu amene anali kuyendayenda ndi makina ojambulira nyimbo za makolo. Woyimba wa ku mudzi, ngakhale akhale wa luso lotani, amamveka kwa okhawo amene ali pafupi, ndipo nyimbo yace imatha pamene watseka pakamwa. Makina a Tracey anali kusunga mau amene akanatayika.

Cifukwa cace n'cakuti mau sayenda okha. Munthu akamenya ng'oma, cikopa cimanjenjemera ndi kukankha mpweya umene uli pafupi naco. Mpweyawo umakankha unzace, kufikira kukankhanako kutalowa m'khutu. Mu mpweya mau amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi imodzi, m'madzi pafupifupi 1,500, koma m'citsulo amafika pafupifupi 5,000, pakuti zinthu zolimba zimapatsirana kunjenjemera msanga. Ana a ku Matero ndi ku Cawama amene amaboola zitini ziwiri, nazilumikiza ndi waya wokoka bwino, amamvana ngakhale akunong'ona cifukwa ca cimeneci. Popanda cinthu cowanyamula mau safika kuli konse. Robert Boyle wa ku Oxford anaonetsa zimenezi m'buku lace la 1660: anaika wochi m'botolo lalikulu nacotsamo mpweya ndi pampu, ndipo kugunda kwa wochiyo kunaleka kumveka ngakhale inali kuyendabe.

Mpweya umanyamula mau, koma umawatopetsanso. Ng'oma ya Nyau imamveka kutsidya kwa dambo usiku, koma singacoke ku Katete kukafika ku Lusaka. Apa ndi pamene wailesi inalowerera. M'caka ca 1949 kampani ya Ever Ready, pocondereredwa ndi Harry Franklin, mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, inatulutsa kawailesi koyendera batire, ka mtengo wa mapaundi asanu. Anthu anakacha Saucepan Special cifukwa kanali kofanana ndi poto wophikira. Nthawi yomweyo a Nkhata analowa nchito ku Central African Broadcasting Station mu Lusaka, monga woulutsa mau ndi woyimba.

Ulendo wa mau ao unali wotere. Pocoka pakamwa ndi pa zingwe za gitala, anali kuyenda mu mpweya kamtunda kakang'ono kufikira pa maikolofoni. Pamenepo anali kuleka kukhala mau, nasanduka mphamvu ya magetsi yoyenda m'waya, ndipo pa mlongoti inali kucoka monga mafunde a wailesi. Mafunde amenewa ndi a mtundu wa kuwala: safuna mpweya, ndipo amayenda makilomita 300,000 pa sekondi. Akafika m'kapoto kaja ku Petauke kapena ku Nyasaland, kapepala kolimba ka m'kati kanali kunjenjemera ndi kukankha mpweya wa m'khonde, mau nabadwanso. Motero mlimi wa kutali anali kumva nyimbo msanga kupambana munthu woimirira ku mapeto a bwalo la mpira.

A Nkhata sanataye mwai umenewu. Pamodzi ndi anzao a Lusaka Radio Band, imene pambuyo pace inadziwika ndi dzina la Big Gold Six, anatenga nyimbo za kumidzi naziika pa gitala, nayimba m'Cibemba, m'Cinyanja ndi m'zinenero zina. Zambiri zinali za moyo watsopano wa m'tauni: ndalama, mowa, maukwati, ndi anthu oiwala kwao. Anali kudzudzula moseka, ndipo ici cinawacititsa kukondedwa ngakhale ndi odzudzulidwawo. Zambia italandira ufulu mu 1964 anapatsidwa maudindo akulu pa wailesi ndi pa za cikhalidwe.

Atapuma pa nchito anakakhala pa famu yao ku Mkushi. Mu October 1978 asilikali a Rhodesia anaukira misasa ya omenyera ufulu wa Zimbabwe imene inali m'dziko lino, umodzi mwa iyo pafupi ndi famuyo. A Nkhata anaphedwa m'ciwembu cimeneco, ali ndi zaka 56.