Grzimek anapemphetsa kuti nyama zikhale

Nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, malo osungirako nyama a mumzinda wa Frankfurt ku Germany anali bwinja. Mabomba anasiya nyama zikuluzikulu pafupifupi 20 zokha, ndipo akuluakulu a mzindawo ankafuna kungotsekeratu. Dokotala wa ziweto, Bernhard Grzimek, anakana. Anatsegulanso pa 1 Julaye chaka chomwecho, naitanitsa zisudzo ndi magule kuti anthu azilipira pakhomo. Wamalonda aliyense angamumvetse mkuluyu.

Chimene chimandigometsa ine ndi cha pa wailesi yakanema. Kuyambira 1956 mpaka imfa yake mu 1987, ankaonekera ali ndi nyama yamoyo pambali, kenako n'kupempha owonera kuti asonkhe. Anthu wamba, oti Africa sanamuonepo, ankatumizadi ndalama. Zinathandiza nkhalango za kuno, makamaka Serengeti ku Tanzania, dera limene mwana wake Michael anafera mu 1959 ndege yake itawombana ndi muimba. Bungwe lakelo, Frankfurt Zoological Society, linafikanso ku North Luangwa ku Zambia mu 1986, ndipo zipembere zinabwezeretsedwako mu 2003.

Koma abale, pali chondiwawa. Grzimek ankafuna Serengeti yopanda anthu. Atsamunda a ku Britain anachotsamo Amasai mu 1959, ndipo maganizo amenewo ndi omwe iye ankalalikira. Mayi wa ku Frankfurt ankapemphedwa mwaulemu, koma m'busa wokulira pakati pa mikango anangouzidwa kuti asamuke. Phulusa la Grzimek linaikidwa pambali pa manda a mwana wake ku Ngorongoro, komwe Amasai aja anasamutsidwira.