Étienne-Louis Malus, msilikali amene anatulukira chinsinsi cha kuwala pa zenera

Mumzinda wa Trieste ku Italy muli makina otchedwa FERMI, amtundu wa free-electron laser, amene amathamangitsa ma elekitironi pakati pa mizere ya maginito mpaka atulutse kuwala kwamphamvu kong'anima kanthawi kochepetsetsa. Akatswiri akasuntha maginitowo amadzisankhira mmene kuwalako kugwedezekere, kaya mbali imodzi yokha kaya mozungulira. Khalidwe limeneli la kuwala limatchedwa polarization, ndipo amene analipatsa dzinali anali msilikali wa ku France, Étienne-Louis Malus.

Malus anabadwira ku Paris mu 1775. Ataphunzira pa École polytechnique anakhala injiniya wa gulu la nkhondo, ndipo mu 1798 anapita ku Egypt ndi asilikali a Napoleon. Ku Jaffa anagwidwa ndi mliri umene unapulula anzake ambiri, koma iye anapulumukira mkamwa mwa mbuzi nabwerera kwawo mu 1801.

Tsiku lina mu 1808, dzuwa likupendeka, anayang'ana mazenera a nyumba yachifumu ya Luxembourg kudzera m'mwala woonekera wa calcite. Mwalawu unali wodziwika kale kuti umaonetsa chinthu chimodzi ngati ziwiri. Chachilendo chinali chakuti akautembenuza, zithunzi ziwiri za dzuwa lonyezimira pagalasilo zinkasinthana mphamvu: china chikawala, chinzake chinkazilala. Malus sanangozizwa n'kusiya pomwepo. Anayesa ndi kuwala kwa kandulo konyezimira pamadzi ndi pagalasi, napeza kuti kunyezimira kokhako kumasintha kuwala monga momwe mwalawo umachitira. Anapezanso lamulo la masamu limene mpaka lero limatchedwa ndi dzina lake. Kuwala kotere kukamadutsa posefera kuwala, sefayo ikapotozedwa madigiri 45 kumadutsa theka lokha, ndipo ikafika madigiri 90 sikudutsa n'komwe.

Mu 1810 analandira mphoto ya Académie des sciences ndi kukhala membala wake. Ngakhale Royal Society ya ku London inamupatsa mendulo ya Rumford, dziko la Britain ndi la France ali pankhondo.

Chodabwitsa n'chakuti kafotokozedwe kake ka chimene anaonacho kanali kolakwika. Potsata Isaac Newton, ankakhulupirira kuti kuwala ndi tinthu ting'onoting'ono tokhala ndi nsonga ziwiri ngati maginito, ndipo dzina la polarization linachokera m'ganizo limeneli. Koma miyeso yake inali yosamala kwambiri moti lamulo lake silinagwe pamene ganizolo linagwa. Augustin Fresnel ndiye anadzaonetsa, cha mu 1821, kuti kuwala ndi mafunde ogwedezeka mopingasa njira imene akulowera. Malus sanazione zimenezi, pakuti chifuwa chachikulu chinamutenga mu February 1812 ali ndi zaka 36. Dzina lake lili m'gulu la mayina 72 olembedwa pansanja ya Eiffel.