GEORGE PAULING, MMISIRI WA NJANJI

George Pauling anabadwira ku England m'caka ca 1854. Akali mnyamata anaoloka nyanja kunka ku South Africa, kumene anagwira nchito yoyala njanji. Anali munthu wa thupi lalikulu ndi wosaopa zobvuta, ndipo posacedwa anayamba kampani yaceyace. Kampaniyo ndiyo inafikitsa njanji ku Bulawayo mu 1897, ndi ku mathithi a Victoria Falls mu 1904.

Pamenepo mtsinje wa Zambezi unatsekereza njira, pakuti mlatho unali usanathe. Pauling sanafune kukhala cabe. Anthu ace anamasula injini yaing'ono zidutswazidutswa, nazioloketsa pa cingwe ca citsulo pamwamba pa phompho, nazimanganso tsidya lino. Motero pamene mlatho unatsegulidwa mu 1905, njanji inali itapita kale patali kumpoto. M'caka comweco inafika pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, ndipo mu 1906 inalowa m'Broken Hill, umene lero tiucha Kabwe.

Koma kuyala zitsulo kokha sikuyendetsa sitima. Injini ya nthunzi iri ngati ng'ombe ya pa goli: ifuna kudya, kumwa ndi kupumula. Cakudya cace cinali malasha ocokera ku mgodi wa Wankie, umene tsopano ndi Hwange. Malashawo amayaka m'ng'anjo, moto nuwiritsa madzi, ndipo nthunzi yace imakankha zitsulo zotembenuza magudumu. Madzi akacepa m'kati, injini ikhoza kuonongeka, ngakhale kuphulika kumene.

Cifukwa ca ici omanga njanji anaika malo oimapo sitima m'njira monse. Pa malo otere panali kanjanji ka pambali kuti sitima zipatukirane, ndipo pambiri panali citsime ndi thanki lalikulu loikidwa pa nsanja, lothirira madzi m'injini. M'midzi yaikulu ya njanji, monga Livingstone ndi Broken Hill, munamangidwa nyumba zosungiramo mainjini. Kumeneko anchito anali kukokolola phulusa m'dzenje la pansi pa njanji, kutsuka m'kati mowirira madzi, kuthira mafuta ndi kulonga malasha. Anali kudzazanso mcenga m'bokosi lace, umene umathiridwa pa njanji kuti magudumu asaterereke pa citunda.

Malo amodzi oimapo sitima anachedwa ndi dzina la mfumu Lusaaka, imene mudzi wace unali ca ku Manda Hill. Poyamba panali thengo lokhalokha. Pang'ono ndi pang'ono alimi anayamba kutula cimanga pamenepo, ogulitsa namanga masitolo m'mbali mwa njanji, mmene mudutsa Cairo Road lero. Mu 1935 Boma linasamuka ku Livingstone kudza ku Lusaka. Kabwata, Woodlands, Kabulonga ndi Chelstone zonsezi zinaphuka pambuyo pace.

Tisaiwale kuti Pauling sanagwire nchitoyi yekha. Anthu akuda zikwizikwi ndiwo anadula mitengo, kukumba dothi ndi kusenza zitsulo pa dzuwa lotentha, malipiro ao ali ocepa, ndipo ambiri anadwala malungo. Maina ao sanalembedwe, koma mutu umodzi susenza denga.

Pauling anamwalira mu 1919. Mainjini a nthunzi analeka kukoka sitima za dziko lino pamene anadza mainjini a dizilo, koma ena asungidwa m'nyumba yoonetsera zakale za njanji ku Livingstone. Inu ana, mukamapanga sitima yanu ya mawaya kapena ya dothi, musaiwale kumanga thanki la madzi, mulu wa malasha ndi dzenje la phulusa. Popanda zimenezi sitima ya Pauling sikadafika pa Lusaka.

MAFUNSO
1. Kodi injini inaoloka bwanji Zambezi mlatho usanathe?
2. Chulani nchito zitatu za m'nyumba yosungiramo mainjini.
3. Dzina la Lusaka linacokera kuti?